Tsiku Limene Ndinakalipira Apongozi ku Chembe

Kiriketi ndinaiphunzira ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya amwenye kumene bambo anga ankasoka zovala pakhonde. Ana a mwini sitolo ankaperewera posewera, ndiye tsiku lina anandikokeramo, ndipo sindinatulukemonso. Ndinasewera m'matimu a ku Blantyre zaka zambiri, mpaka bondo lakumanzere linandiuza kuti zakwana. Nditasiya kusewera ndinayamba kulemba. Ndimalemba za masewera, makamaka zimene zimachitika m'mutu mwa munthu mpira ukamabwera, pamene ayenera kusankha chochita diso lisanaphethire. Ena amati ndimalemba bwino. Mkazi wanga amati n'zodabwitsa kuti munthu wolemba za kusankha mwachangu amatha theka la m'mawa ataima pakabati akusankha malaya.

Mkazi wangayu kwawo ndi ku Mangochi. Bondo litandichotsa pabwalo tinasamukira komweko, ndipo tinamanga kanyumba kathu kuseri kwa nyumba ya makolo ake, mumpanda umodzi. Ndine mkamwini wa pamaso pa apongozi, wa mtundu uja wakuti ukayetsemula m'nyumba mwako amakufunsa za chimfine kukacha. Ku Blantyre ndinkadziwika ndithu, koma ku Mangochi ndikatchula kiriketi anthu ankangogwedeza mutu mwaulemu, kenaka n'kundifunsa ngati ndimaonerako mpira weniweni. Zimenezi zinkandipsetsa mtima. Ndiye ndinatulutsa mabati anga awiri akale, matabwa omenyera mpira, m'chikwama, ndinagula mipira ya tenisi n'kuikulunga ndi tepi ya magetsi kuti ilemereko, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ndinayamba kupita pabwalo la sukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwathu. Poyamba ankabwera odzaseka. Patapita miyezi tinali ndi timu: akabaza, aphunzitsi, ogulitsa nsomba pamsika, ndi telala wina amene ankaponya mpira wokhotakhota, mwini wake osadziwa kuti amachita bwanji.

Kwa amene sanaonepo kiriketi, ndifotokoze kachigawo kamodzi kokha, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Omenya mpira amakhala awiri, wina uku wina uko, aliyense pafupi ndi timitengo titatu tozikidwa pansi. Mmodzi akamenya, awiriwo amathamanga kusinthana malo, ndipo akafika bwino timu yapeza rani imodzi. Koma a timu inayo akatola mpira msanga n'kugenda timitengoto wina asanafike pamzere, ameneyo watuluka, akakhale pansi, tsiku lake lathera pompo. Choncho musanathamange mumafuulirana. Mawu ake ndi atatu basi: inde, ayi, dikira. Mnzako akati inde, iwe ukuona kuti simufika, umakuwa kuti ayi, mokweza, mosanyengerera, kuti abwerere nthawi ikadalipo. Lamulo lake n'lakuti ayi amaposa inde. Ine ndinakula ndikukuwira anthu ayi, akuluakulu a m'mabanki ndi madokotala omwe, ndipo masewera akatha tinkamwera limodzi tiyi popanda wosunga mnzake kukhosi.

Apongozi anga aamuna anali dalaivala wa lole pamsewu wa ku Makanjira moyo wawo wonse. Popita ankanyamula mchere, shuga, simenti, ndi anthu pamwamba pa katunduyo; pobwera nsomba zouma ndi anthu enanso. Msewu umenewo umadya magalimoto, koma iwo unawalephera. Anali munthu wokonda mtsutso, woti ankatha kukangana ndi wailesi. Kenaka tsiku lina anagwa pamsika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala anawaletsa chiwongolero. Lole inapita kwa mwana wa mchemwali wawo. Iwo anakhala pampando wa pakhonde, kuyambira m'mawa mpaka mthunzi kutembenuka. Thalauza linayamba kuwakulira. Pakhomo tonse tinkayenda monyang'ama, tikulankhula motsitsa mawu, ndipo ine zinkandimvetsa chisoni kuona munthu wamkulu chotero akuchepa ife tikuona.

Loweruka lina akuchokera kometetsa anadzera pabwalo paja. Anaima pansi pa mtengo wa mango, manja kumbuyo, n'kutionerera nthawi yaitali. Kenaka anandikodola n'kunena kuti ndiwapatseko thabwalo. Ndinafuna kuwafotokozera kagwiridwe kake, koma anandiyang'ana mwakuti ndinangowapatsa. Mpira woyamba unawadutsa. Wachiwiri anauswa, unakagwa padenga la kalasi, malata n'kulira. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kanali koyamba kuwamva akuseka chigwere pamsika paja. Kuyambira pamenepo ankafika pabwalo ine ndisanafike. Anasoketsa thalauza loyera kwa telala wathu uja, chifukwa anaona pazithunzi zanga zakale kuti ndi mmene tinkavalira. Diso anali nalo, la munthu wozolowera kuona dzenje likadali patali. Mkazi wanga anandiuza kuti ayambanso kudya mokwanira, ndipo apongozi aakazi ananditumizira chambo chathunthu chootcha popanda kunena chifukwa chake.

Vuto linali pa kuthamanga. Bati likangokhudza mpira, kaya wapita kutali kaya wagwera pamapazi pawo pomwepo, apongozi ankakuwa m'Chiyao kuti kwende, ndiye kuti tiyeni, n'kuliyatsa liwiro mutu uli pansi. Sankayang'ana kumene mpira wapita. Ankati pamsewu wa ku Makanjira ukayamba kuwoloka matope suima pakati. Tsono amene ali mbali inayo anayenera kukuwa kuti ayi. Koma ndani? Onse a m'timu anali msinkhu wa ana awo. Ena anakwerapo lole yawo ali kumsana kwa amayi awo. Munthu wotere sungamukuwire ayi pagulu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Ndiye chimene chinkachitika n'chakuti mnzawoyo, poona kuti wina atuluka basi, ankachoka pamzere pake n'kuthamangira dala kumene kuli ngozi, kuti wotuluka akhale iye, mkulu atsale. Loweruka lililonse apongozi ankatulutsa anthu a timu yawo yomwe kuposa amene ankatulutsidwa ndi oponya mpira, ndipo iwo ankangodandaula kuti ana a masiku ano alibe liwiro.

Wakabaza wina, amene anali katswiri wathu pomenya, anayesapo kukana mwaulemu. Apongozi atakuwa kwende, iye anati, "Pepanitu bambo, ine ndimati mwina tikanayamba tadikira kaye pang'ono." Mawu asanathe apongozi anali atafika kale, awiriwo ataima mbali imodzi ngati akudikira minibasi. Mphunzitsi wina anayesa kukweza dzanja kuti aime, ndipo apongozi anakweza bati kubwezera moni, akuthamangabe. Wogulitsa nsomba wina sanayese n'komwe. Iye akaona kuti walowa ndi bambo, ankayamba kutsanzika anzake asanamenye mpira ndi umodzi womwe.

Ine ndili ndi mtima wapachala ndikaona kiriketi ikuseweredwa molakwika. Ndinawasonkhanitsa onse pansi pa mango uja n'kuwauza kuti nkhanga zinapangana kusanapse: pabwalo palibe mkulu, palibe mwana, pali omenya awiri basi. Ndinawaimika pamzere n'kuwakuwitsa ayi onse pamodzi, mobwerezabwereza, mpaka mbuzi zimene zinkadya kumapeto kwa bwalo zinathawa. Apongozi ndiwo ankakuwa kuposa onse. Anatembenukira anyamatawo n'kuwalimbikitsa kuti azingowauza, iwo si munthu wokwiya ndi zazing'ono. Onse anavomera kuti chabwino bambo. Titayambanso kusewera, woyamba kumenya nawo anatuluka posakhalitsa, kukamwa kuli yasaa, mawu osatuluka.

Tsiku lomwelo ndinakhala patebulo n'kulemba mutu wonse wa buku langa pa nkhani imeneyi. Ndinalemba kuti zimene munthu amasankha m'kanthawi kochepa sazisankha m'kanthawiko. Zinasankhidwa kalekale, iye ali mwana. Pakamwa pamene panaphunzira kuyankha akulu kuti wawa ndi chabwino kuyambira pamene panayamba kutafuna, sipangasinthe chifukwa choti wina wakamba bwino pansi pa mtengo. Mpira ukamabwera, nzeru zimene unamva dzana zimathawa, chimatsala ndi chizolowezi. Ndinamuwerengera mkazi wanga, ndikumva kukoma. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa chifukwa chake ineyo sindimenya nawo bambo ake, popeza pakamwa panga panaphunzira ku Limbe. Ndinati bondo. Anayang'ana bondolo, n'kuyang'ana ine. Zoona zake n'zakuti Loweruka lililonse ine ndinkaima ngati woweruza, ndipo ndinali wokhutira kutero. Munthu amene ndikakumana naye pakanjira ka kumpanda ndimapatuka n'kunjuta, amene sindinapisepo naye dzanja m'mbale imodzi, ndikanamukuwira ndi pakamwa pati?

Kenaka kunabwera uthenga wochokera ku Chembe. Anyamata ogwira ntchito m'malo ogona alendo kumeneko, oyendetsa maboti ndi ophika, anali ataphunzira kiriketi kwa azungu odzaona nyanja, ndipo atamva kuti ku boma kuli timu anatiitana kuti tikaonane. Tonse tinasangalala. Koma pakati pa sabata wakabaza uja anabwera kunyumba, anatsamiritsa njinga kumpanda, n'kukhala pansi ngati munthu wotumidwa. Anazungulira kaye, za kutentha, za kusalimba kwa matayala a masiku ano. Kenaka anafika pamutu. Anati anzake onse amawakonda bambo, koma ku Chembe safuna kukachita manyazi. Maganizo awo anali akuti bambo apatsidwe udindo wa mkulu wa timu, azikhala pampando pamthunzi n'kumatipatsa malangizo, ku Chembeko ndiponso Loweruka lililonse kutsogoloku. Zikapanda kutero, ambiri sakwera galimoto. Monga wosewera wakale ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinachotsapo anthu m'timu, nanenso anandichotsapo, ndipo dziko silinathe. Koma mawu oti mpando anandilasa.

Mumpanda umodzi mulibe chinsinsi. M'mawa mwake apongozi aakazi anabwera pakhomo pathu, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anakhala pamkeka cham'mbali, nkhope atalozetsa kwa mwana wawo, n'kumalankhula naye ngati ine palibe, ngakhale ndinali poteropo.

"Uwauze amuna akowa," anatero, "kuti akawachotsa bambo ako, abwerera pampando uja. Ine pampando uja ndinawaona mmene amathera. Paja amalemba mabuku a nzeru. Nzeruzo azitulutse m'bukumo tizione."

Nthawi imeneyo mwini nkhani anali kuseri kwa nyumba yawo, akupaka bati mafuta ophikira, akuimba kanyimbo ka m'lole. Thalauza loyera anali atalisititsa kale, ulendo ukadali kutali.

Ndinagwira njakata. Paja amati wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima, koma amene ananena mawuwo sindikhulupirira kuti anali ndi timu yoti apite nayo ku Chembe. Pomaliza ndinaitana anyamata n'kupangana nawo chonchi: apongozi akasewera, ndipo womenya nawo ndikhala ine. Wina akakatuluka chifukwa cha kuthamanga kwawo, kaya ine kaya iwo, nkhani ya mpando ndidzawauza ndekha ndi pakamwa panga. Koma akakapanda kutulutsa munthu, malo awo ndi awo, ndipo nkhaniyi isadzamvekenso. Anavomera mosavuta, ndipo kuvomera msangako sikunandisangalatse. Wakabaza uja anaseka n'kunena kuti iye wanyamulapo anthu a mitundu yonse panjinga yake, koma mkamwini wokuwira apongozi ake sanamunyamulepo.

Tinanyamuka m'mawa pa kalole ka matola. Apongozi anakhala kutsogolo, ndipo kuchokera pa boma mpaka m'mapiri olowera ku Chembe ankauza dalaivala kuti akuchedwa kusintha magiya. Ife kumbuyo tinkamva zonse kudzera pawindo, tikuseka. Ine ndinkaseka ndi mano okha. Bondo ndinali nditalimanga bandeji, ndipo njira yonse ndinkayeseza mawu aja mumtima. Bwalo la ku Chembe ndi mchenga wokhawokha, mbali ina kuli mlambe waukulu, mbali ina matandala oanikapo usipa, kotero fungo la nsomba linkabwera ndi mphepo iliyonse. Anthu anadzaza. Amayi anasiya nsomba n'kubwera ndi mabeseni awo, ndipo panali azungu awiri ofiira ndi dzuwa amene ankawomba m'manja pa chilichonse. Anzathuwo ankasewera opanda nsapato, ndipo ankagenda timitengo ngati akugenda mango. Anayamba ndiwo kumenya, n'kutisiyira marani ambiri ndithu oti tiwapitirire.

Ife tinayamba bwino. Wakabaza anamenya mpira mopanda chisoni, popeza tsiku limenelo panalibe womuthamangitsa. Atatuluka iye ndi ena angapo ndinalowa ine, ndipo posakhalitsa mnzanga amene ndinamupeza anatulukanso. Apongozi ananyamuka pamthunzi, mzuli woyera kumutu, thalauza lili ndi mzere wa simbi. Anthu a ku Chembe ataona imvi anayamba kukuwa kuti agogo, agogo, amayi n'kumaimba nthungululu. Mpira woyamba weniweniwo agogowo anautumiza ku matandala, nkhuku zimene zinkasaka usipa wogwa n'kubalalika. Ndinanyada ngati ndine ndinawabala.

Kwende woyamba anali wabwino. Mpira unapita kutali ndipo tinasinthana malo bwinobwino. Wachiwiri sanali wabwino. Ndinaona poyera kuti sitifika, ndinatsegula pakamwa, koma panatuluka mpweya wokha. Miyendo inanyamuka yokha, ulemu uli patsogolo, bondo likutsatira pambuyo. Ndinapulumuka chifukwa wogendayo anaphonya pang'ono. Nditadzuka, mchenga uli m'mano, ndinaona wakabaza kunja kwa bwalo atapinda manja, akundiyang'ana mwachifundo. Chifundo chimenecho chinandipweteka kuposa bondo. Zonse zimene ndinalemba za anzanga zija zinali zoona, ndipo zinkanenanso ine.

Patadutsa mipira ingapo unabwera umene ndikuukumbukirabe. Apongozi ndiwo ankamenya, ine ndili mbali inayo. Woponya anali mwamuna wamtali, woyendetsa boti. Apongozi anangougunda pang'ono, ndipo unagubudukira molunjika kwa wophika wina amene anaima pafupi, yemwe anali atagenda kale timitengo ta mnzathu wina osaphonya. Ndinamva kwende, n'kuwaona akubwera, mutu pansi. M'kanthawi kameneko zonse zinaoneka poyera, monga zinkachitira ndili mnyamata. Ndikathamanga, ndi bondo langali, ndatuluka ine. Ndikaima chete, afika mbali yanga, kwawo kutsala kopanda munthu, atuluka iwo. Uku mpando, ukunso mpando. Njira inali imodzi yokha, yakuti abwerere, ndipo abwerere pompopompo.

"Ayi! Ayi! Bwererani!"

Mawu amenewo sindikudziwa kumene anabisala zaka zonsezi. Anatuluka athunthu, aukali, a ku Limbe, ndipo ndinapezeka ndawalozanso ndi bati ngati ndikupirikitsa nkhuku pa ufa. Apongozi anaima njii. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sitinachitepo chikwatirire mwana wawo. Kenaka anatembenuka, anaponya mapazi pang'ono, n'kudziponya pansi chafufumimba, bati lili patsogolo. Mpira unagwetsa timitengo, fumbi linakwera, ndipo tonse tinatembenukira kwa woweruza, mphunzitsi wa konko. Anapukusa mutu. Apongozi sanatuluke.

Anthu a ku Chembe anakuwa ndi chimwemwe, poti iwo anangoona gogo akuuluka. Mbali yathu kunali zii. Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, chigongono chikutuluka magazi, thalauza loyera lija litasanduka lofiirira. Anatola mzuli, anaukuntha pabondo, anauvala. Sanandiyang'anenso. Pamipira yotsatira sanakuwe kwende ngakhale kamodzi, ndipo posakhalitsa woponya wamtali uja anawatulutsa mwachilungamo powagwetsera timitengo ndi mpira. Nanenso sindinakhalitse. Tinagonja, ngakhale osati mochititsa manyazi, ndipo anzathuwo anatidyetsa mpunga wa kampango asanatiperekeze.

Pobwerera apongozi anakhalanso kutsogolo, koma dalaivala anasintha magiya mmene anafunira, popanda womudzudzula. Kumbuyo kunalibe woimba. Pangano ndinali nditalikwaniritsa, palibe amene anatuluka chifukwa cha kuthamanga kwawo, koma panalibe wondiyamikira. Wakabaza anasendera pafupi n'kundinong'oneza kuti ndachita chamuna, koma katundu wanga ndilongedzeretu, iye andiperekeza mpaka pa depoti. Ndinayesa kuseka. Mumtima ndinali ndi mantha enieni. Ndinali nditakalipira apongozi pamaso pa mudzi wa eni, ndinagwetsa pansi munthu wodwala, ndipo ndinaopa kuti malo amene ndinawamenyera nkhondo awasiya okha chifukwa cha manyazi. Mmene timafika, nkhani inali itafika kale pa foni. Apongozi analowa m'nyumba mwawo osatsanzika munthu. Mkazi wanga anandiikira madzi osamba n'kungonena kuti tiona mawa.

M'mawa mwake anandiitanitsa. Ndinazungulira nyumba ndikukonza mawu opepesa. Pakhonde ndinapeza anzawo, madalaivala akale ndi mkulu wina woyandikana nafe, atakhala ndi makapu a tiyi. Apongozi anali chiimire, chigongono atachimanga nsalu yaikulu kuposa bala, akuonetsa mmene anadziponyera. Mtunda umene anauluka unali utatalika kale kuposa wa dzulo. Ndinanjuta pansi pa masitepe n'kupereka salamu. Anandiloza ndi dzanja lomangalo.

"Ndi awa. Apongozi, takuwani mmene munakuwira dzulo muja. Anthuwa akuti ndikunama."

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Kunatuluka kamawu kakang'ono, kowonda, koti ngakhale mwanapiye sakanabwerera. Madala aja anaseka mpaka tiyi kutayika, ndipo mmodzi anati n'zosatheka, mkamwini wofatsa ngati uyu sangakalipire ngakhale mbuzi. Apongozi analumbira kuti mawu anga anamveka mpaka kuchilumba cha panyanja ku Chembe, ndipo anatsutsana nawo za nkhaniyi mpaka tiyi wotsala anazizira.

Alendo atapita ndinafuna kunyamuka, koma anandiuza kuti ndikwere pakhonde, ndikhale pafupi nawo. Ndinakhala m'mphepete mwa benchi. Ndinayamba kupepesa, iwo anandidula. Anati dzulo anakwiyadi, njira yonse yochokera ku Chembe anabwera mtima ukuwira. Koma mkwiyo utatsika anadzifunsa kuti munthu anawatsutsa komaliza liti, ndipo anafufuza osapeza.

"Chigwere pamsika paja," anatero akuyang'ana kumsewu, "pakhomo pano aliyense amangoti eya. Ndikati tiyi alibe shuga, eya. Ndikati kukugwa mvula, kunja kuli ngwee, eya bambo. Ine si mwana, ndimadziwa. Munthu akayamba kumuvomera chilichonse ndiye kuti amutsanzika kale. Inu dzulo munandikalipira ngati munthu woti mawa adzakhalapobe."

Ndinayang'ana pansi kuti asaone maso anga. Ndinali nditabwera kudzapepesa, ndinapezeka ndikufuna kulira. Iwonso anatsokomola, anakonza nsalu ya pachigongono, n'kuyamba kundifunsa ngati ndikuganiza kuti woweruza uja anawakondera chifukwa cha imvi. Ndinawauza kuti sanawakondere, anafikadi pamzere, koma pang'onong'ono. Anati si pang'ono, bati lonse linali litadutsa. Ndinapuma mpweya n'kuwauza kuti ayi bambo, inali nsonga yokha. Anandiyang'ana cham'mbali, akubisa kumwetulira.

Loweruka lotsatira anafika pabwalo woyamba, chigongono chomangabe ngakhale bala linali litauma. Palibe amene anatchula za udindo wa mkulu wa timu. Ndinawaika kuti amenye ndi wakabaza. Mpira unagwera pafupi, iwo kwende, ndipo wakabaza anatsinzina n'kukuwa kuti, "Ayi, bambo!" Apongozi anabwerera, anafika bwino, kenaka anatembenuka n'kumuuza kuti pamenepo panali rani yoonekeratu, ndi ulesi chabe. Wakabaza anati panalibe. Iwo anati inalipo. Anakangana mpaka ndinachita kuwaleretsa, ndipo masewera atatha apongozi anapitiriza mlanduwo njira yonse ya kunyumba, mokweza, akuimitsa odutsa kuti aweruze. Mkazi wanga anali akuanika zovala kumpanda. Atamva mawu a bambo ake akulongolola kuchokera kumsewu, anasiya beseni, anakhala pansi n'kuyamba kulira, uku akuseka.